Ndikufuna kupumira Facebook ndi TikTok mwezi wathunthu, koma makasitomala anga ali pafoni pomwepo

Make Tadala, Area 25:

Moni nonse. Ndine telala, ndimasokera pakhonde pa nyumba kuno ku Area 25, Lilongwe. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo.

Lachiwiri lapitali ndinawononga nsalu ya kasitomala. Anabweretsa mamita 6 a yunifolomu ya pachinkhoswe. Muyezo wake ndinaulemba bwinobwino m'kope, koma podula ndinatsata muyezo wa munthu wina wa patsamba lomwelo, chifukwa foni inali pambali pa sizasi, kavidiyo kakusewera. Zaka 11 ndakhala ndikusoka, zoterezi sizinandichitikirepo. Ndinakagula nsalu ina ku Bwalo la Njobvu ndi ndalama ya m'thumba mwanga.

Koma chimene chinandilasa mtima si nsaluyo. Madzulo ake mwana wanga wa Sitandade 3 akundiwerengera, anasiyira pakati n'kunena kuti, "Amayi, malizani kaye zanuzo, ndidikira." Sanakwiye ayi. Anayankhula ngati munthu amene anazolowera kudikira.

Mng'ono wanga anandionetsa malo ena m'foni otchedwa Digital Wellbeing, owerenga nthawi imene munthu wakhala pafoni. Tsiku limenelo inali maola 5 ndi mphindi 40. Madiresi awiri amenewo.

Vuto langa nali. Maoda onse amabwera pa WhatsApp. Ndikasoka chovala ndimachiika pa status, ndiye sitolo yanga imeneyo. Gulu la banki m'khonde lili pomwepo, la Chigwirizano lili pomwepo, la kumudzi ku Dedza limene timamverapo za matenda ndi maliro lilinso pomwepo. Ndikalowa kuti ndiyankhe kasitomala mmodzi, ndimatulukamo patapita ola. Alipo amene anayesapo kupuma, bizinesi osafa? Munatani?

Mphunzitsi wa ku Mulanje:

Mayi, pepani ndi nsaluyo. Ine ndinapuma nyengo yonse ya Lenti chaka chatha, ndipo ndikuuzeni zoona, masiku atatu oyamba ndi owawa. Dzanja limangopita lokha m'thumba. Ndinkapezeka ndatsegula foni, chala chikufunafuna pamene panali Facebook, pamene ndinaifufuta ndi manja anga omwe. Pofika sabata yachiwiri, dzanja linaiwala.

Musasokoneze zinthu ziwiri. Facebook ili ndi deactivate, kutanthauza kubisa akaunti kwa kanthawi, ndi delete, kuichotseratu. Mukaibisa, zithunzi zanu zonse zimakhalapo, Messenger imagwirabe ntchito, ndipo tsiku lililonse mukalowanso akaunti imadzuka. Mukasankha kuchotseratu amakupatsani masiku 30 oti musinthe maganizo, akatha amenewo zapita. Inu muli ndi zithunzi za ntchito ya manja anu, ndiye musayandikire delete.

Ku America mu 2018 anachita kafukufuku, anthu ena anawalipira kuti atseke Facebook kwa milungu inayi chisankho chawo chisanachitike. Anapeza kuti munthu ankapulumutsa pafupifupi ola limodzi patsiku, ambiri ankacheza kwambiri ndi abale awo, ndipo mumtima ankamvako bwino pang'ono. Koma anapezanso kuti nkhani za dziko ankazidziwa mochepa. Zimenezo zinandichitikira inenso, mpaka ndinagula mabatire a wailesi. Nkhani za pawailesi zili ndi ubwino umodzi: zimayamba, zimatha, munthu n'kudzuka kukalemba ma lesson plan.

Wa ku Joni 84:

Achemwali, Facebook ndi TikTok zisiyeni, sindikutsutsa. Koma WhatsApp musaigwire.

Ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Ndinatopa ndi phokoso la m'magulu, mikangano ya ndale, mauthenga oti tumizani kwa anthu khumi. Tsiku lina ndinazimitsa data sabata yonse osauza munthu. Nditayatsa ndinapeza uthenga woti malume anga anamwalira Lachitatu, anaikidwa Lachisanu. Abale anayesa kuimba pa WhatsApp, sizinadutse, ndipo kuimba kunja kwa dziko ndi mayunitsi n'kodula. Sindikanafika kumaliro, inde, koma chipepeso chikanafika nthawi yake, ndipo mayi anga akanamva mawu anga tsiku lomwelo. Mpaka lero zimandipweteka.

Amene amati tayani foni nthawi zambiri abale awo ali mpanda womwewo. Kwa ife a kutali, foni ndiye njira ya kumudzi. Ngati mukupuma, yambani mwauza anthu. Sankhani munthu mmodzi kumudzi, mumuuze kuti kukagwa zovuta aziimba, asamalembe pagulu.

Nachisale wa mafoni:

Mama, ine ndimakonza mafoni, ndiye ndiyankhe za m'katimo. Musadziimbe mlandu kwambiri. Nyuzipepala ili ndi tsamba lomaliza, koma TikTok ilibe pansi. Anaipanga dala kuti kavidiyo kakatha kena kabwere kokha, ndipo imaphunzira kuti inu mumachedwa pa zotani. Ngati mumaonera masitayilo a madiresi, ikupatsani masitayilo mpaka tambala alire. Kulimbana nayo ndi mtima wokha n'kovuta, bola kuitsekera njira.

Chotsani TikTok ndi Facebook m'foni. Kenako muzigula bandulo ya WhatsApp yokha, kuti ngakhale chilakolako chibwere, zinazo zisatseguke. Ndalama ya data muona kusintha sabata yomweyo.

M'kati mwa WhatsApp, gulu lililonse losakhudza ndalama kapena maliro liikeni pa mute, musankhe always, osati maola 8 kapena sabata. Mukatero liponyeni ku archive, silidzabweranso pamwamba ngakhale alembe mauthenga 200. Zimitsaninso auto-download kuti mavidiyo asamadzilowetse okha. Gulu limene mulibe nalo ntchito tulukanimo, masiku ano amene amauzidwa kuti mwatuluka ndi ma admin okha. Ma status a anthu ena, amenenso amadya nthawi, mungathe kuwabisa mmodzimmodzi.

Chachikulu koposa: foni isakhale patebulo lodulira. Ngati muli ndi kafoni ka mabatani, ikanimo SIM ina, nambalayo muipereke kusukulu ya mwana ndi kumudzi. Yaikuluyo izikhala m'chipinda.

Make Tadala, Area 25:

Zikomo nonse. Lero ndi tsiku la 9, ndati ndibwere ndikuuzeni.

Achimwene a ku Joni, pepani kwambiri ndi malume anu. Nditawerenga zanu ndinaimbira azakhali ku Dedza usiku womwewo, tinagwirizana kuti kukakhala kanthu aziflasha pa kafoni kakang'ono, ine ndiziimba.

TikTok ndinachotsa, Facebook ndinaibisa. Pa status ndinalemba kuti mauthenga ndimayankha 7 koloko m'mawa, 1 koloko masana ndi 5 koloko madzulo, wachangu aimbe. Kasitomala mmodzi anadandaula kuti ndayamba matama, anapita kwina. Zinandiwawa, chifukwa ndi munthu amene ndamusokera zaka zitatu. Ena onse angozolowera, ndipo ena akumabwera okha pakhonde ndi nsalu zawo, timayezana pomwepo. Sabata ino ndamaliza mayunifolomu a sukulu amene ndinkati atenga masabata awiri.

Chimene chikundivutabe ndi usiku. Ana akagona, bambo awo ali ku shifiti, nyumba imangoti zii, ndipo ndi nthawi imene ndinkagona ndi foni kumaso. Dzulo ndinadzuka n'kukasoka mabatani mpaka 11 koloko chifukwa chosowa chochita ndi manja. Aphunzitsi, inu usiku munkautha bwanji masiku oyambawo? Tadala wabwereka buku la nthano kwa mnzake, akuti tiziwerenga tsamba limodzi iye, limodzi ine, koma iyeyo amagona 8 koloko.