Lizi ndi layisensi zonse zili m'dzina la bambo, titani?

Mlimi wa ku Santhe: Alimi anzanga, ndithandizeni. Bambo akalamba, maso sakuonanso bwino, moti munda ndikuyendetsa ndine. Koma lizi ya esiteti (pepala la boma lobwereketsa malo kwa zaka zoikika), layisensi ya fodya ya ku Tobacco Commission ndi akaunti yomwe kumalowa ndalama za ku okushoni, zonse zili m'dzina lawo. Tilipo ana asanu, awiri ali ku Joni. Ana a azakhali ayamba kale kulankhula kuti pa mwambo wathu chuma cha malume ndi chawo. Ndiyambire pati?

Nabanda: Achimwene, tsegulani chikwama cha bambo muone chaka chimene lizi inatuluka. Maesiteti ambiri a ku Kasungu kuno anapatsidwa zaka 21 zokha, ena zinawathera osadziwa. Pitani ku Lands, ofesi ya boma yoona za malo, mukafunse ngati ikadali ndi mphamvu komanso ngati ground rent, lendi ya malo yolipira ku boma, ilibe ngongole. Mungakanganirane pepala lakufa.

Mlangizi wopuma ntchito: Mayi Nabanda anena zoona. Za ana a azakhalizo musaope kwambiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a malemu, ndipo kulanda chuma cha amasiye ndi mlandu. Komabe bambo alembe wilo nzeru zawo zikadali bwino, asaine pamaso pa mboni ziwiri zosalandira kanthu pa chumacho. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi akaunti. Mwini wake akamwalira banki imatseka, ndalama zimatuluka pokhapokha mutabwera ndi makalata a ku khoti. Ganizani zachitika mu Meyi, mabelo ali ku msika wa fodya wa Chinkhoma, antchito aima pakhomo kudikira malipiro, wa transipoti naye akuimba foni. Mapepala amatha miyezi.

Phiri, Mchinji: Ndiye pa nthawi yolembetsa alimi mupite ndi bambo ku Tobacco Commission, akanene okha kuti layisensi ilembedwe m'dzina lanu, inu mutsegule akaunti yanu. Ngati muli pa kontilakiti ndi kampani yogula fodya, ngongole ya feteleza itheretu kaye.

Nabanda: A Phiri, pamenepo abale a ku Joni adzati wawabera. Amene ali kutali amamva madola okha, mtengo wa nkhuni ndi wokonza zigafa sauona.

Phiri, Mchinji: Nchifukwa chake pakhale kope. Chilichonse chogula chilembedwe, seloshiti iliyonse (pepala losonyeza momwe fodya wagulitsidwira) aijambule n'kuitumiza pa gulu la banja. Woyendetsa munda akhale ndi malipiro ake ogwirizana, phindu lotsala ndilo logawana. Koma mundawo musaudule zidutswa zisanu, simudzakololanso zooneka.

Mlangizi wopuma ntchito: Ana a azakhaliwo muwaitanenso pa msonkhano, pakhale amfumu ndi akuluakulu a mbali zonse, bambo alankhule ndi pakamwa pawo. Ngati pali munda wa makolo kunja kwa lizi, umenewo asiyireni, ndi wa mtundu wawo.

Mlimi wa ku Santhe: Ndaipeza lizi, ndi ya 1989, palibe pepala losonyeza kuti anaonjezera zaka. Lolemba ndipita ku Lands ku Lilongwe. Ndinyamule chiyani?

Nabanda: Liziyo, mapu a malowo, malisiti a ground rent amene mungapeze, ndi chitupa cha bambo. Ngati angathe kuyenda, atengeni.