Ana athu ndi ngalande za m'dera: tifunse ndani?

Mayi wa ku Chilobwe:
Abale anga, chiyambire pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche mu Marichi 2023, mtima wanga sukhazikika mitambo ikada. Mwana wanga amawoloka ngalande yodzadza zinyalala pa thabwa limodzi loterera popita kusukulu. Kodi atsogoleri amene tinawasankha tingawafunse motani kuti atiyankhe?

Mphunzitsi wopuma:
Mayi, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani zaboma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho lembani kalata kukhonsolo yofunsa ndalama zimene zinaikidwa pa ngalande ndi milatho ya m'dera lanu, ndipo musunge kope lodindidwa chidindo. Akapanda kuyankha, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, imene imayang'anira lamuloli.

Mnyamata wa kabaza:
Zimenezo n'zoona, bambo, koma tisaiwale amene amagulitsa malo m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri, pamene aliyense akudziwa kuti madzi adzadutsa pomwepo. Iwonso ayenera kufunsidwa pamaso pa anthu.

Mayi wa ku Chilobwe:
Zikomo nonse. Loweruka ndisonkhanitsa makolo anzanga kuti tisainire kalatayo pamodzi, kenaka tiitane akhansala adzaone thabwalo ndi maso awo.