Funso la 720,720: tichonge yankho liti?

Wokonza mayeso: Aphunzitsi anzanga, tithandizane. Funso linati "720,720 ili ndi ma factor angati?" Ma factor ndi nambala zimene zimaigawa popanda chotsala. Mapepala abwera ndi mayankho anayi: 6, 10, 238 ndi 240. Pa pepala lochongera pali 240. Ena onsewo tiwamane malikisi?

Wochonga: Musafulumire, akulu. Yambani mwaiphwanya nambalayo. 720,720 ndi 720 × 1,001, ndipo 1,001 ndi 7 × 11 × 13, pomwe 720 ndi 2⁴ × 3² × 5. Amene walemba 6 wawerenga ma prime osiyana (nambala zoposa 1 zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi): 2, 3, 5, 7, 11, 13. Wa 10 wawerenga ma prime omwewo ndi kubwereza kwake, 4 + 2 + 1 + 1 + 1 + 1. Onsewa kuphwanya akudziwa, chawasokoneza ndi funso.

Mphunzitsi wa Fomu 4: 240 ndiye yolondola. Pa kanambala kapamwamba kalikonse (monga 4 wa pa 2⁴; pamene palibe, ndi 1) mumawonjezera 1, kenako n'kuchulukitsa: 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2. Chifukwa cha 1 wowonjezerayo n'chakuti factor imatha kusatenga 2 ngakhale mmodzi, kapena kutenga mmodzi, awiri, atatu, anayi, njira zisanu. Ana ambiri amaloweza lamuloli osamva chifukwa chake, ndiye amaiwala ma prime opanda kanambala pamwamba, n'kupeza 15. Wa 238 wangochotsa 1 ndi 720,720 yeniyeniyo. Ameneyo ine ndingamuchotsere malikisi amodzi basi.

Wokonza mayeso: Zamveka. Nanga gawo lachiwiri lija, la nambala yaing'ono kwambiri yochulukitsa nayo kuti tipeze perfect square (nambala imene imapezeka pochulukitsa nambala ndi iyo yomwe)?

Mphunzitsi wa Fomu 4: 5,005. Tinambala tapamwamba tonse tiyenera kugawika ndi 2. Ta 2 ndi 3 tili bwino kale, kotero mukusowa 5 × 7 × 11 × 13. Zotsatira zake ndi 3,607,203,600, yomwe ndi 60,060 × 60,060. Chenjerani apa: yankholi lili ndi manambala khumi, kakyuleta ya malo asanu ndi atatu silikwanamo. Mwana amene wasiya yankho lake m'ma prime musamulakwitse.

Wochonga: Ndiwonjezere poyesera msanga. Dulani nambala m'magulu a manambala atatu ndipo muchotsere: 720 − 720 = 0. Zikatero 7, 11 ndi 13 onse amaigawa popanda chotsala. Komanso ma factor a perfect square sakhala awiriawiri okhaokha, mmodzi amatsala yekha, choncho 240, poti imagawika ndi 2, ikukuuzani kale kuti 720,720 si square.

Chaka chamawa funsolo mulilembe kuti "ma factor onse, kuphatikizapo 1 ndi nambala yeniyeniyo". Ngati mukufuna lina lovutirako, afunseni nambala yaing'ono kwambiri imene imagawika ndi nambala zonse kuyambira 1 mpaka 16. Yankho ndi 720,720 yomweyi.

Wokonza mayeso: Tagwirizana: 240 malikisi onse, 238 kuchotsa amodzi, 6 ndi 10 alandire a kuphwanya okha.