Ogulitsa pa intaneti, inu mumaweruka nthawi yanji?

chikwama_chofiira:

Moni nonse abale. Funso langa likupita kwa amene mumapanga geni pa WhatsApp, Facebook ndi Instagram. Ine ndimagulitsa zikwama za amayi ndi nsapato, shopu ndilibe, katundu amakhala kunyumba, ndimajambula ndekha nkumaika pa sitetasi ndi pa peji. Malonda akuyenda ndithu sindingadandaule, koma sindikudziwanso kuti ntchito yanga imayamba nthawi yanji ndipo imatha nthawi yanji. Ndikangodzuka dzanja lili pa foni, ndisanasukusule nkomwe ndayankha kale anthu angapo, masana ndi kulongedza ndi kutumiza ma oda, madzulo anthu akaweruka kuntchito kwawo nde pamene mameseji amachuluka zedi, kenako pakati pa usiku wina akufunsa kuti "ilipobe iyi?" ndipo ndikati ndisayankhe mtima sukhala mmalo chifukwa ndikudziwa kuti ogulitsa zomwezi tilipo ambiri, ndikachedwa apita kwa wina.

Chikundiwawa kwambiri ndi choti ana amandilankhula ine maso ali pa foni, ndimangoti eee eee osamva zomwe anena. Komanso apabanja amaona ngati ndikungocheza, samaiona ngati ntchito chifukwa sindituluka mmawa kupita kwinakwake.

Nde ndithandizeni, inu mumaika nthawi yotsekera? Makasitomala sathawa? Kapena ndingolemba munthu woti azindiyankhira mameseji?

wakale_pa_geni:

Achemwali pepani, zimenezi tadutsamo ambiri. Ndiyambe ndi kukufunsani, mitengo mumalemba pa zithunzi zanu kapena mumapanga zija zoti "mtengo bwerani ku inbox"? Ndikufunsa chifukwa ambiri amene amalira kuti foni siikupuma ntchitoyo amadzipangira okha pobisa mtengo. Chikwama chimodzi anthu makumi akufunsa kuti ndi bwanji, onsewo muwayankhe mmodzimmodzi, ambiri akangomva mtengo zii osabweranso. Mukalemba mtengo, saizi, mitundu yomwe ilipo ndi mmene mumatumizira pa positi pomwepo, amene akubwera ku inbox amakhala waganiza kale, mameseji amachepa koma ogula sachepa. Ena amati kubisa mtengo kumathandiza kuti opikisana nawo asakuone, koma opikisana nawowo amangofunsa pa nambala ina basi, amene mukumutopetsa ndi kasitomala weniweni ndi inu eni.

Chachiwiri, nambala ya bizinesi ikhale payokha, ya abale ndi anzanu payokha. Ikani WhatsApp Business, inatuluka mu 2018 ndipo ndi yaulere, koma ndimadabwa kuti anthu ambiri anaiika nkumaigwiritsa ntchito ngati WhatsApp wamba. Muli away message mmenemo, mumasankha maola nokha, munthu akalemba kunja kwa maola amenewo imamuyankha yokha. Yanga ndinalemba chonchi: "Zikomo potilembera. Pano tatseka, tidzakuyankhani mawa mmawa tikatsegula. Mitengo ndi katundu yense ali mu catalog. Ngati mwakonda china tumizani chithunzi chake ndi saizi, tidzayambira inuyo." Catalog ndi malo a mu WhatsApp Business oikamo zithunzi za katundu ndi mitengo yake. Mwaona chiganizo chomaliza cha mesejiyo, chimamupatsa munthu chochita, samangoona ngati mwamutsekera chitseko. Mmawa ndikatsegula ndimapeza zithunzi ndi masaizi zili kale, ntchito yangotsala kutsimikiza.

Mulinso quick replies, mumasunga mayankho amene mumalemba tsiku ndi tsiku, monga njira zolipirira kapena malamulo obwezera katundu, mukangodina chizindikiro cha / amatuluka mwasankha mwatumiza. Ndi ma labels oti muzisiyanitsa amene angofunsa, amene alipira, ndi amene katundu wawo wapita. Zimaoneka zazing'ono koma mutu umapepuka chifukwa susunganso zonse mmutu.

Za kuthawa kwa makasitomala, tsegulani machati anu a mmbuyomu muone bwinobwino anthu amene analemba pakati pa usiku, ndi angati analipira usiku womwewo? Kwa ine ndinapeza kuti ambiri amakhala ali pabedi akungoyendayenda pa foni tulo tisanabwere, afunsa kwa inu afunsanso kwa ena atatu, mawa aiwala. Amene akufunadi chinthu amadikira kuche. Ena ochepa mudzawataya inde, sindikunamizani, koma muwerengere ndi tulo tanu tomwe.

wa_mapeji:

Amayi anena zoona zambiri koma pena ndisiyane nawo pang'ono. Ine sindigulitsa zanga, ndinalembedwa ntchito yoyendetsa mapeji a makampani, kulemba mapositi, kuyankha makomenti, kuika zotsatsa zolipira. Kuyankha msanga kuli ndi mphamvu, tisadzinamize. Munthu akaona chinthu pa foni chilakolako chake chimakhala cha nthawi yomweyo, pakapita maola chimazilala. Ndipo eni mapulatifomuwa ndi amene anatizoloweza zimenezi dala, Facebook inabweretsa kachizindikiro kaja ka "Very responsive to messages" kamene peji imapatsidwa ikamayankha 90% ya mameseji komanso mkati mwa mphindi 15. Taganizani munthu mmodzi, wogona, wophika, wolera ana, apikisane ndi muyezo umenewo. Makampani akuluakulu amakwanitsa chifukwa ali ndi anthu osinthana mashifiti ndi ma bot, mapulogalamu oyankha okha. Koma onaninso kuti Amazon, ndi ukulu wake wonse, ogulitsa ake imawapatsa maola 24 oti ayankhe wogula, olo ndi Loweruka kapena Lamulungu. Maola 24, osati mphindi zisanu. Nde ngati kumeneko tsiku lathunthu ndi lololedwa, inu palibe chifukwa chodzukira 2 koloko usiku.

Chimene ndingawonjezere ndi ichi, maola anu otsegula musatengere a mu ofesi. Mwanena nokha kuti anthu amachuluka madzulo, nde mukatseka 5 koloko mwatseka nthawi ya malonda. Bola muzipuma masana pamene kuli zii, madzulo mukhalepo maola awiri kapena atatu mwamphamvu, kenako foni ya bizinesi izime ikagone chipinda china. Onani mu insights ya peji yanu, imaonetsa nthawi imene okutsatirani amakhala pa intaneti kwambiri, musamangoganizira.

Komanso gwiritsani ntchito Meta Business Suite, ndi yaulere, mumakonza mapositi a Facebook ndi Instagram a sabata yonse tsiku limodzi nkuwaikira nthawi yoti azituluka okha, ndipo mameseji a mbali zonse ziwiri amabwera malo amodzi. Chimatopetsa kwambiri pa ntchitoyi si kulemba ayi, ndi kudumphadumpha, ukujambula, meseji yalowa, wayankha, waiwala unali pati, wina wakomenta zachipongwe mtima wakwera, tsiku latha palibe chogwirika. Kujambula kukhale ndi tsiku lake, kulongedza nthawi yake, kuyankha nthawi yake.

Ndipo musaganize kuti ife olembedwa ntchito zili bwino. Bwana amatha kutumiza skrinishoti usiku kuti komenti iyi bwanji siinayankhidwe, poti foni uli nayo mthumba amaona ngati uli pantchito nthawi zonse. Ku France vuto limeneli linafika mpaka mmalamulo, kuyambira Januwale 2017 makampani a antchito 50 kapena kuposerapo amayenera kukambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga a ntchito akaweruka. Koma inu odzilemba nokha lamulo ngati limenelo silingakutetezeni, bwana ndinu wantchito ndinu, wokuuzani kuti weruka palibe.

ndangoyamba_kumene:

Zonsezi ndi zabwino kwa amene muli ndi makasitomala okhazikika. Ine ndangoyamba, mpamba ndi wochepa komanso wobwereka, oda imodzi ikandiphonya ndimaimva sabata yonse. Kunena zoona ine sinditseka, olo 1 koloko ndimayankha, ndipo ena anagula kwa ine chifukwa choti ndinali ndekha amene ndinayankha. Mwina dzina likadzadziwika ndidzayamba zopumazo koma panopa sindingakwanitse.

wakale_pa_geni:

Mwana wanga ndikukumvetsa, poyamba pamafunikadi kulimbikira kuposa anzako. Koma dziwa kuti mmene ukuwazoloweza panopa ndi mmene adzafunire mpaka kale, tsiku limene udzachedwe kuyankha adzati wayamba matama. Olo utamayankha usiku, zolandira ndalama ndi kulonjeza katundu uzisiyire mmawa.

owerengera_ndalama:

Mawu omaliza a amayiwa ndi amene ndimafuna ndikhazikikepo. Akuba a pa intaneti amakonda usiku ndi nthawi imene wogulitsa watopa kapena ali pa changu. Amatumiza skrinishoti yoonetsa kuti alipira, yokonzedwa bwino dzina lanu lilipo ndalama zake zenizeni, nkumakukakamizani kuti katundu anyamuke mmamawa chifukwa ndi mphatso ya munthu wina. Ena amati atumiza zopitirira mwangozi nde muwabwezere zapamwambazo, chonsecho sanatumize kalikonse. Skrinishoti si ndalama. Tsegulani akaunti yanu nokha muone ngati zalowadi, ndipo zimenezi zimafuna mutu wogona bwino.

Pa funso lolemba munthu, ine ndingati dikirani kaye muchite masamu. Lembani maola onse amene mumagwira pa sabata, kujambula, kukonza zithunzi, kuyankha, kukaoda katundu, kulongedza, kutumiza, kulimbana ndi obweza katundu. Kenako tengani phindu lenileni, mutachotsa mtengo woodera, data, zolongedzera, zotsatsa, mayendedwe ndi katundu amene anakhalira osagulidwa, mugawe ndi maola aja. Ambiri samachita zimenezi chifukwa ndalama zimalowa tsiku ndi tsiku nde zimaoneka ngati zambiri, koma ukagawa umapeza kuti pa ola ukudzilipira zochepa kuposa zimene ungamulipire wantchito. Zikatero vuto si kusowa wothandiza, vuto ndi mitengo kapena mukugulitsa mitundu yambirimbiri ya phindu lochepa. Amene amagulitsa pa misika ya pa intaneti ngati Etsy amakakamizika kuwerengera chifukwa kumeneko amadula 6.5% pa chilichonse chogulitsidwa kuphatikiza kandalama koikira katundu, koma ife a pa WhatsApp poti palibe amatidula timaiwala kuti nthawi yathu ndi imene ikulipira.

Masamu akalola, mulembeni munthuyo koma mwanzeru. WhatsApp imalola kulumikiza zipangizo zina mpaka zinayi pa nambala imodzi, nde iye atha kumayankha pa kompyuta kapena foni ina, foni yaikulu ili ndi inu, tsiku limene mwasiyana mumangomuchotsa. Pa peji ya Facebook mumupatse chilolezo choyankha mameseji ndi kuposta kudzera pa akaunti yake, osamupatsa pasiwedi yanu, osamupatsanso ulamuliro wonse chifukwa amene ali ndi ulamuliro wonse atha kukuchotsani pa peji yanu yomwe. Tsegulaninso two-step verification paliponse, chitetezo chowonjezera chija chofuna kodi yachinsinsi polowa mu akaunti, ndipo kodi ija ya manambala 6 imene WhatsApp imatumiza musauze munthu aliyense olo anene kuti ndi wa kampani. Ndalama zizilowa kwa inu nokha.

China, ma oda asamakhale mu machati mokha. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima limodzi dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6, amene zonse anasunga mmenemo sanadziwe kuti atumize chani kwa ndani. Ndipo akaunti imatha kutsekedwa kapena kubedwa tsiku lililonse popanda wokuchenjezani. Kope wamba kapena spreadsheet, dzina, nambala, chimene wagula, walipira kapena ayi, chatumizidwa liti. Zimathandizanso pa nkhani yanu ya tulo, chifukwa zambiri zimene zimakudzutsani usiku ndi mantha oti mwaiwala oda ya munthu.

chikwama_chofiira:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri. Za mitengo ndiyamba kulemba pa chithunzi chilichonse, away message ndaika kale madzulo ano ndipo ndatengera mawu anu amayi, mundikhululukire. Maola ndasankha mmawa pang'ono ndi madzulo mpaka 9 koloko monga ananenera achimwene a mapeji. Zolemba munthu ndaziimika kaye mpaka ndichite masamu aja.

Koma pali gulu limodzi limene likundivutabe, amene alipira kale ndipo katundu ali mnjira. Amenewa akalemba usiku kuti "katundu wanga ali pati" ndimaona kuti ndi nkhanza kuwasiya ndi meseji yoyankha yokha, ndalama zawo ndadya kale, ndipo ndikudziwa mmene mtima umachitira ukalipira munthu amene sunamuonepo. Amenewa mumatani nawo?

wakale_pa_geni:

Amenewo musamadikire kuti afunse, muziwayamba ndinu. Munthu amalemba usiku chifukwa tsiku lonse sanamve kalikonse nde wayamba kuganiza kuti waberedwa. Akangolipira muuzeni kuti ndalama zafika ndipo katundu anyamuka tsiku lakuti. Mukalongedza jambulani phukusi dzina lake likuoneka mumutumizire. Likanyamuka mutumizireni lisiti kapena nambala yolondolera ndi tsiku loyembekezera kufika, ndipo tsikulo muziwonjezerako limodzi kuposa limene akuuzani otumiza, likafika msanga asangalala. Musanatseke madzulo tsegulani label ya olipira, aliyense amene katundu wake sanafike mumulembere mzere umodzi womuuza pamene phukusi lake lili, olo palibe chasintha muuzeni kuti palibe chasintha. Zikachedwa muuzeni inuyo iye asanazindikire. Ndi ntchito ya mphindi zochepa ngati mwasunga mawuwo mu quick replies.

Ndipo mu away message muja muli posankha amene aziilandira, mutha kuchotsamo manambala a olipirawo kuti asamalandire yankho la makina. Ngati mukufunabe, asiyireni mwayi woimba foni pakakhala vuto lenileni monga phukusi lafika lolakwika kapena long'ambika, koma muwauze kuti ndi kuimba osati meseji, ambiri saimba pokhapokha zitavutadi.