Kodi mwambi wa nyanga ya nsatsi umanena mwana wa msinkhu uti?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uwu: "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha."

Za nsatsizo ndikuzimva. Tsinde lake ndi lamphako komanso lofewa, ukalidula silichedwa kufota. Nyanga ya ng'ombe imakhala zaka, koma ya nsatsi dzuwa likangoiwomba yatha. Ndiye kuti wokakamira chinthu chosathandiza umusiye adzionere yekha.

Chikundivuta ndi momwe tikuugwiritsira ntchito. Ndimamva amayi akuunena pa kamwana ka zaka ziwiri kamene kakudzigwetsa pansi n'kumalira mpaka mawu kusasa. Mwana wotere sanafike podziletsa, mkwiyo ukamugwira satha n'kunena komwe chamupweteka. Kufota kwa nyanga kungamuphunzitse chiyani? Kodi makolo athu ankanenadi wamng'ono chonchi?

Yankho loyamba:
Mayi, kwathu ku Dedza mwambiwu timaumva kwambiri pa ana osinkhuka, monga mtsikana kapena mnyamata wokakamira banja amalume ake ataletsa kangapo. Ndi mwambi wa munthu amene walangizidwa n'kukana. Komanso taonani mawu akuti "msemere". Wosema nyangayo ndi kholo lomwelo. Silinamuthamangitse mwanayo, lili naye pafupi, ndipo ikafota adzabwerera kwa ilo.

Yankho lachiwiri:
Ndiwonjezereko, achemwali. Mwambiwu suloleza chilichonse. Nyanga ikafota mwana angolira basi, savulala. Koma njere za nsatsi yomweyo ndi poizoni, ndipo palibe kholo lingampatse mwana chifukwa walirira. N'chimodzimodzi moto, mpeni kapena dziwe. Wa zaka ziwiriyo mumunyamule kapena mumubereke kumbuyo, atonthole kaye, kenaka muzimuuza kuti "wakwiya eti, umafuna chija." Akamamva mawu amenewa amayamba kudziwa dzina la zomwe zili mumtima mwake. Wa zaka zisanu ndi ziwiri amene akufuna kuthera ndalama yake yonse pa chibaluni, ameneyo msiyeni agule. Chikaphulika musamuseke kapena kumunena kuti "ndinakuuza", chifukwa mawa adzakubisirani zikamuvuta.

Wofunsa:
Zikomo nonse, za "msemere" zija zandifika pamtima. Funso lina: ena ndimawamva akumaliza kuti "imufotere m'manja" osati "yekha". Kwanuko mumati bwanji?