Galu wanga wafa ndipo mwana ndamunamiza, ndithandizeni nzeru abale

Membala wobisa dzina:
Moni nonse pagulu pano. A admin chonde ndibiseni dzina, anzanga ena ali momuno ndipo andiseka kale mokwanira. Nkhani ndi yaitali pang'ono mundipirire.

Galu wanga Kambuku wafa Lachiwiri lapitali. Ndinamutenga ali kakang'ono kokwana m'manja, wakhala nane zaka 12, ndiye kuti anabwera ndisanakwatiwe nkomwe, bambo akunyumba anachita kumupeza ndipo miyezi yoyamba ankawauwa daily kkkk. Chaka chino anayamba kumwa madzi kwambiri, kukodza pafupipafupi, kuonda, ine nkumangoti ndi ukalamba. Mwezi watha anasiyiratu kudya, kusanza, mkamwa kununkha, mpamene ndinathamangira naye kwa a vetenale. Atamuyeza magazi anati impso zatheratu. Tinayesa madiripu masiku angapo, lero atsitsimuke mawa ali gone, mapeto ake adokotala anandiuza mosabisa kuti akuvutika ndisankhe ndekha, ine ndinavomera kuti amubaye jakisoni woti apume. Ndinamugwira mutu mpaka anasiya kupuma. Anandiyang'ana anthuni, ndi mchira womwe anayesa kugwedeza.

Chichokereni tsikulo tulo palibe. M'mawa ndimangozindikira ndanyamula mbale yake, ndikatsegula geti khutu limadikira phokoso la zikhadabo pa simenti koma kuli zii. Kuntchito misozi inangotuluka yokha, mnzanga nkundifunsa kuti kwagwanji, nditati galu anaseka mpaka kugwira pamimba.

Koma chondisowetsa mtendere kwambiri ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 6. Zonsezi zinachitika ali kusukulu, ndiye ndinamuuza kuti Kambuku watsala kuchipatala akuchira. Thupi tinakwirira kuseri kwa nyumba usiku iye atagona. Tsiku lililonse akufunsa abwera liti, dzulo wajambula chithunzi cha galu wa miyendo isanu akuti tikamupatse kuchipatalako. Ndimuuze bwanji? Kodi ndinalakwa kuvomera jakisoni uja, kapena ndi ine ndamupha pochedwa kupita naye? Nanga mbale, kolala ndi bulangete lake nditaye? Komanso tili ndi galu wina wamng'ono, akungodya monyinyirika nkukagona pamalo pamene pankagona mnzake. Osanditukwana chonde, mtima uli kale pansi.

Bambo wina:
Mayi inu galu ndi galu basi. Anthu akutaya ana, akutaya makolo, inu mukudzaza gulu ndi nkhani ya galu? Pezani wina, pofika sabata yamawa mwaiwala.

Mayi wina akuyankha bambowo:
Achimwene munthu wapempha kale kuti osamunyoza, mukanangodutsa. Misozi si ndalama yoti ukaonongera galu ndiye kuti ya anthu yatha. Ine bambo anga ndinawalira, mphaka wanga atafa ndinaliranso, palibe amene anaberedwa.

Bambo uja:
Ndangonena maganizo anga, si gulu la aliyense kodi

Dokotala wa ziweto:
Pepani kwambiri mayi. Ndiyankhe za impso ndi jakisoni poti ndi ntchito yanga. Impso za galu zimabisa matenda moopsa, kumwa madzi kwambiri ndi kukodzakodza kuja kumayamba kuoneka pamene pafupifupi magawo awiri mwa atatu a impso asiya kale kugwira ntchito, ndipo gawo lomwe lafa silibwerera. Sindikunamizani, mukanapita naye msanga mwina akanamusinthira kadyedwe ndi kumupatsa mankhwala nkuwonjezerako miyezi, koma kuchira ayi. Ndipo agalu ambiri amakhala zaka 10 mpaka 13, akuluakulu msinkhu amafulumirako, ndiye zaka 12 si galu wosasamalidwa ameneyo.

Jakisoni uja nthawi zambiri amakhala pentobarbital, ndi mankhwala ogonetsa omwe timapereka ochuluka dala. Galu amakomoka m'masekondi ochepa, kenako kupuma ndi mtima zimaima iye osamva kanthu. Kufa ndi impso popanda thandizo ndiye kowawa, poizoni amadzadza m'magazi, nseru osatha, zilonda mkamwa, ena mpaka kugwa khunyu. Mwamupulumutsa ku zimenezo.

Tsono chofunika mwachangu: dzenje munakumba lakuya bwanji? Mankhwala amenewa amatsalira m'thupi nthawi yaitali, galu wina kapena mbalame zodya nyama zikafukula nkudya zitha kufa nazo. Pamafunika mita imodzi kapena kuposa, kutali ndi chitsime kapena mtsinje. Ngati munakumba mothamanga usiku, musafukule, wonjezerani dothi pamwamba nkusanjapo miyala yolemera, makamaka poti muli ndi galu wina pakhomo.

Za wamng'onoyo, zimachitika. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2022 ku Italy anafunsa anthu 426 amene anali ndi agalu angapo mmodzi nkufa, 86 pa 100 aliwonse anati wotsalayo anasintha, kusewera kuchepa, kugona kwambiri, kudya pang'ono, kumangokakamira mwini wake. Musasinthe nthawi yomudyetsa ndi yoyenda naye. Koma akakana chakudya masiku awiri athunthu kapena kuyamba kusanza musati ndi chisoni chabe, kamuyezetseni.

Mwini positi:
Adokotala zikomo, ndawerenga katatu ndikulira. Dzenje silinafike mita, bambo anakumba ndi tochi ya foni. Miyala tisanja lero lomwe.

Mphunzitsi wa ana ang'ono:
Achemwali mwanayo muuzeni sabata ino, musadikire. Bodza limeneli likakhalitsa adzamva kwa mwana wa aneba kapena adzaona yekha mulu wa dothiwo, ndiye adzalira ziwiri, galu komanso kuti amayi anandinamiza. Sankhani nthawi ya masana osati pogona, mukhale naye pansi, mawu ochepa komanso olunjika. Kambuku anadwala kwambiri, adokotala anayesetsa koma thupi lake linasiya kugwira ntchito, wafa, sabweranso. Mawu oti wafa muwatchule ndithu ngakhale akuwawa mkamwa. Musanene kuti wagona, ana a msinkhu uwu amatenga mawu momwe alili, ena amayamba kuopa kugona kapena kuopa inu mukagona. Musanenenso kuti wapita kutali, azikadikira pageti. Zaka 6 ndi nthawi yomwe mwana akungoyamba kumvetsa kuti imfa sibwerera, ndiye musadabwe akalira mphindi zisanu nkupita kosewera, mawa nkufunsanso funso lomwelo, si kuuma mtima, amamwa pang'onopang'ono. Awiri mwa mafunso amene amabwera kawirikawiri ndi oti kodi ndi chifukwa cha ine, ndi oti kodi inunso mufa. Loyambalo yankhani msanga kuti ayi ngakhale asanafunse. Ndipo mupepese za chipatala zija, ingonenani kuti ndinaopa kukuuza chifukwa nanenso zikundiwawa. Akakuonani mukulira palibe vuto.

Mnyamata wina:
Funso la pambali, chifukwa chani tikuti wafa osati wamwalira? Ine wanga ndinalemba wamwalira pa status anthu anandidya wamoyo kkkk

Mayi wachikulire:
Mwanawe chinyama chimafa, kumwalira nkwa munthu, chilankhulo chinatero. Koma mumtima mwako unganene umo ufunira, ndani akumva.

Wokonda mbiri yakale:
Ndabwerera kwa bambo aja akuti galu ndi galu, komanso ndaona ena m'munsimu akuti izi nzobwera ndi ma filimu. Ayi ndithu. Ku Oberkassel pafupi ndi Bonn ku Germany, mu 1914 anthu ophwanya miyala anapeza manda a zaka pafupifupi 14,000, muli mwamuna, mkazi ndi kagalu. Akatswiri atadzaunika mano ake anapeza kuti kanadwala distemper, nthenda yoopsa ya agalu, kwa masabata angapo, matenda oti popanda munthu wokapatsa madzi ndi kukapukuta sikakanakhalitsa, ndipo kagalu kodwala chotero kanalibe ntchito iliyonse yosaka. Wina anangokakonda basi. Herodotus, wolemba mbiri wakalekale wa ku Greece, analemba kuti ku Egypt wakale mphaka akafa m'nyumba onse a m'nyumbamo ankameta nsidze, akafa galu ankameta mutu ndi thupi lonse. Pafupi ndi Paris pali manda a agalu omwe anatsegulidwa mu 1899 ndipo alipo mpaka lero. Nanga Hachiko, galu wa ku Tokyo ku Japan, mbuye wake Hidesaburo Ueno anamwalira mu 1925 ali kuntchito, galu anapitiriza kukamudikira pa siteshoni ya Shibuya mpaka iye anafa mu 1935, chiboliboli chake anthu anaimika mu 1934 akadali moyo. Pamenepo ndi galu amene ankalira munthu zaka pafupifupi khumi, ife sabata imodzi yokha tikuchita nayo manyazi.

Mayi wa mphaka uja:
Za katundu wake musathamange. Ine ndinataya zonse tsiku lomwelo poganiza kuti ndiiwala msanga, patatha mwezi ndinkafunafuna ngakhale kabelu ka m'khosi osakapeza, mpaka pano zimandinyansa. Ikani mu katoni, tsekani, mudzaganize mtima ukakhazikika. Zomwe simudzazifuna mudzapatse wina woweta, mutachapa bwino. Ndipo zithunzi zili mufoni zisungeni penanso lero, foni imatayika.

Bambo woweta agalu:
Chomwe ndingaonjezere, musatenge galu watsopano pofuna kutseka dzenje. Ndinachitapo, ndinatenga wofanana mtundu ndi maonekedwe, nkumukwiyira kuti sakuchita ngati mnzake uja, galu wosalakwa. Wina amakonzeka pa mwezi wina pa chaka, mudzadziwa nokha tsiku lomwe mudzaone kagalu nkukakonda pa iko kokha. Panopa muli naye kale wina amene akukufunani.

Membala wina:
Pepani mayi. Koma ngati kusagona ndi kusadya kupitirira masabata ambiri mpaka ntchito kukanika, kaonaneni ndi aphungu kapena adokotala, musachite manyazi kuti chayambitsa ndi galu. Nthawi zina imfa ya chiweto imadzutsa zisoni zina zomwe munazikwirira kale.

Mwini positi:
Ndabweranso abale. Ndamuuza dzulo masana monga anandilangizira aphunzitsi. Anakhala duu kaye, kenako funso loyamba linali loti ndiye chithunzi changa aona bwanji. Analira, ine ndinalira, bambo ake amene ankati iwo sizikuwakhudza anatuluka panja akuti akukaona geti. Atatha anandikalipira kuti amami munandinamiza, ndinavomera ndikupepesa. Anafunsadi ngati wafa chifukwa tsiku lina anamukoka mchira, ndiye aphunzitsi munalondola.

Tinapita naye kuseri kuja, miyala tinali titasanja kale, iye anatola ina ing'onoing'ono nkuzunguliza. Chithunzi chija tachiika mu botolo kuti mvula isachiononge, tachikhazika pakati pa miyala. Kolala wakana kuti ilowe mu katoni, wayipachika pa bedi lake. Wamng'ono uja wadya theka la mbale m'mawa uno, ndikumuyang'anirabe.

Usiku mwana anadzuka kudzandifunsa ngati Kambuku sakumva kuzizira panjapo poti bulangete lake lili mnyumba. Ndinamuuza kuti samvanso kuzizira kapena kupweteka kulikonse, anati chabwino ndiye bulangetelo tipatse wamng'onoyu. Ndachapa, lili pachingwe.