Ana amaimba matebulo bwino koma 3 × 4 akuyankha 7

Mphunzitsi wa kwa Chimwala

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Ndili ndi kalasi ya Sitandade 3 yodzadza kwambiri. Akamaimba matebulo onse pamodzi amamveka bwino ndithu, koma ndikaloza mmodzi n'kumufunsa 3 × 4, ambiri amayankha 7. Ndiyambire pati kuti amvetse kuchulukitsa?

Mayi wa ku Namwera

Aphunzitsi, mwana woyankha 7 amadziwa kuwerengera, kungoti chizindikiro cha × akuchiona ngati +. Siyani kaye kuimba kwa sabata ziwiri. Agaweni m'magulu a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse mulipatse zitsekerero za mabotolo 30 kapena timiyala. Ajambule pansi zozungulira zitatu, aike zitsekerero zinayi m'chilichonse. Kenako mafunso atatu, motsatana chonchi nthawi zonse: milu ilipo ingati? Mulu umodzi uli ndi zingati? Zonse pamodzi n'zingati? Alembe 4 + 4 + 4 = 12 choyamba, pansi pake 3 × 4 = 12.

Ana a kuno milu amaidziwa kale, amaiona ya usipa ndi tomato pamsika. Koma yang'anitsitsani, chifukwa gulu lina limaika zinayi, zinayi, zisanu. Milu ikasiyana si kuchulukitsanso, ndipo awuzeni zimenezi pomwepo. Winanso amayamba kuwerenga chimodzichimodzi kuchokera pa 1. Phimbani mulu woyamba ndi dzanja, mumuuze kuti "apa pali 4, pitiriza".

Bambo wa ku Monkey Bay

Ndionjezere pa zimene anena mayiwa. Milu ikamveka, pitani ku mizere, ndipo bawo ndi chida chabwino kwambiri. Lili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse 32. Safunika kugula, kumbani timaenje pabwalo. Mwana awerenge mizere 4 ya maenje 8, kenako aimirire mbali ina aone mizere 8 ya maenje 4. Maenje sanasinthe, akadali 32. Akaona yekha kuti 4 × 8 ndi 8 × 4 n'chimodzimodzi, ntchito yoloweza yachepa pafupifupi ndi theka. Muike njere ziwiri m'dzenje lililonse, awerenge 2, 4, 6 mpaka 16 pa mzere umodzi, tebulo ya 2 yalowa.

Mlangizi wa masamu, pa Boma

Musatsate matebulo mwa ndondomeko ya 2, 3, 4, 5. Yambani ndi 2, 10 ndi 5, chifukwa ana amatha kale kulumpha manambala motere, ndipo 5 ali ndi zala zake. Ikatero 4 ndi kuwirikiza kawiri yankho la 2, 8 ndi kuwirikiza la 4, 6 ndi kuwirikiza la 3. Mwana akadziwa 1, 2, 5 ndi 10, komanso kutembenuza kwa pa bawo kuja, mpaka 10 × 10 pamangotsala masamu 21 oti aloweze. Ovuta kwenikweni ndi 6 × 7, 6 × 8, 7 × 8 ndi 7 × 9. Pa 9 muonetseni kuti 7 × 9 ndi 70 kuchotsera 7.

Kuimba kumanamiza chifukwa ofooka amangotsatira mawu a anzawo, ndipo mwana amadziwa 6 × 7 pokhapokha atayambira pa 6 × 1. Tengani mphindi zisanu tsiku lililonse, mufunse mosakaniza, aliyense alembe yankho pa sileti kapena pamchenga, mudutse muone.

Musaiwale 0. Ambiri amalemba 5 × 0 = 5. Ikani mbale zisanu zopanda kanthu kutsogolo, mufunse kuti muli usipa ungati.

Mayi wa ku Namwera

Chinanso aphunzitsi, ana ambiri kwa Chimwala amalankhula Chiyao kunyumba. Aloleni afotokozerane milu m'Chiyao pagulu, kenako mmodzi anene m'Chichewa. Pofuna kudziwa ngati amva, lembani 2 × 6 pabolodi osapempha yankho, muwauze ayale ndi zitsekerero. Amene waika mulu wa 2 ndi mulu wa 6 abwerere ku zozungulira zija mawa lake.